Tieguanyin: tiyi amene anachoka pamakala n'kulowa m'firiji

Mlendo wolowa m'sitolo ya tiyi ku Anxi, m'chigawo cha Fujian kum'mwera chakum'mawa kwa China, amayamba wadabwa ndi firiji. Imakhala pakona, yaikulu, yotsekula chapamwamba, yonga ija amasungiramo nkhuku ndi nsomba. Mwini sitolo akatukula chivundikiro, m'katimo simupezeka ndiwo. Mumakhala timapaketi tonyezimira tosawerengeka, tating'ono ngati bokosi la machesi, tolimba gwa chifukwa anatipopa mpweya wonse. Kalikonse kamakhala ndi magalamu 7 kapena 8, tiyi wokwanira kuphika kamodzi. Akang'amba kamodzi, timibulu tobiriwira timagwera m'mbale n'kulira ngati timiyala, ndipo madzi owira akangotikhudza, chipinda chonse chimadzaza fungo la maluwa.

Pashelefu, kutali ndi firijiyo, pamakhala mtsuko wadothi kapena chitini chotsekedwa bwino. Tiyi wa m'menemo ndi woderapo kwambiri, fungo lake ndi la mtedza wokazinga ndi shuga wopserera pang'ono, ndipo mwina wakhala pamenepo zaka khumi osadziwa chimene chimatchedwa firiji. Mlendo akafunsa dzina lake, yankho limakhala lofanana ndi la wa m'firiji uja: Tieguanyin. Chitsamba ndi chimodzi, phiri ndi limodzi, mwinanso mlimi ndi yemweyo. Mtsukowo ndi wa agogo, firijiyo ndi ya adzukulu, ndipo pakati pa ziwirizi pagona zaka pafupifupi 300.

Dzinali lili ndi mbali ziwiri. Tie ndi chitsulo. Guanyin ndi woyera wachifundo amene Abuda a ku China amamulemekeza kwambiri, ndipo kawirikawiri amamujambula ngati mayi. Za mmene chitsulo chinakumanirana ndi chifundo, ku Xiping, tauni ya m'mapiri a Anxi kumene tiyiyu anayambira, kuli nthano ziwiri, ndipo iliyonse ili ndi eni ake.

A banja la Wei amati cha m'ma 1725 kholo lawo Wei Yin, mlimi wa m'mudzi wa Songyan, ankapereka kapu ya tiyi kwa Guanyin tsiku ndi tsiku osaphonya. Usiku wina analota ataona chitsamba chachilendo cha tiyi pamng'alu wa thanthwe m'mbali mwa kamtsinje. Kutacha analondola njira ya m'malotomo, anachipezadi, ndipo anakabzala mbande yake mumphika wachitsulo wakale. A banja la Wang amakana. Iwo amati anapeza chitsambacho ndi Wang Shirang, munthu wophunzira wa ku Yaoyang, m'chaka cha 1736, pafupi ndi kanyumba kamene ankawerengeramo. Patapita zaka zisanu anapita ku Beijing, napatsa tiyiyo Fang Bao, mmodzi wa akuluakulu a boma, amene anamufikitsa kwa mfumu yaikulu Qianlong. Mfumuyo itaona kuti masamba ake ndi olemera ngati chitsulo koma okongola ngati Guanyin, inamutcha dzina.

Nthano ya a Wang ili ndi vuto limodzi: ku China zakudya ndi zakumwa zambirimbiri zimanena kuti dzina zinapatsidwa ndi Qianlong, moti zonse zikanakhala zoona mfumuyo sikanapeza nthawi yolamulira dziko. Komabe nthano ziwirizi zimagwirizana pa malo ndi nyengo, ndipo pamenepo akatswiri a mbiri sachita napo makani. Mkangano wa mabanja awiriwo boma linaudutsa mwanzeru za kubwalo la amfumu. Luso lopanga Tieguanyin litalembedwa m'kaundula wa chikhalidwe cha dziko mu 2008, anthu awiri anazindikiridwa kuti ndi osunga lusolo: Wei Yuede, wa mbumba ya Wei Yin, ndi Wang Wenli, wa mbumba ya Wang Shirang, amene ndi mkulu wa kampani ya tiyi ya Bama. Aliyense anabwerera kwawo akumwetulira.

Tieguanyin ali m'gulu la tiyi wotchedwa oolong, mawu amene m'Chitchaina amatanthauza chinjoka chakuda. Chitsamba chake ndi mtundu umodzi wa Camellia sinensis, chomera chomwecho chimene chimabiriwitsa mapiri a Thyolo ndi Mulanje. Kusiyana kumabwera tsamba likathyoledwa. Tsamba lofikisidwa limayamba kudera likakumana ndi mpweya, monga momwe peyala lodula limadera likakhala pambale. Opanga tiyi wakuda, amene ambiri timamwa ndi mkaka, amalisiya tsambalo lidere lonse. Opanga tiyi wobiriwira amalikazinga msanga lisanayambe n'komwe. Wopanga oolong amaima pakati, ndipo luso lake lonse ndi kudziwa poimira. Buku la Lu Tingcan la mu 1734 linasunga kafotokozedwe ka Wang Caotang ka mmene anthu a kumapiri a Wuyi, kumpoto kwa Fujian, ankayanikira masamba, kuwagwedeza, kuwakazinga ndi kuwawamba, ndipo kafotokozedweko kamatengedwa ngati umboni wakale kwambiri wa kapangidwe ka oolong.

Ku Anxi sathyola mphukira zanthete. Amadikira nsonga ikule, masamba atambasuke, ndiye amathyola awiri kapena atatu pamodzi ndi kaphesi kake. Zokolola zofunika ndi ziwiri: za kumayambiriro kwa Meyi ndi za kumayambiriro kwa Okutobala, ndipo alimi amati zoyambazo zimapambana pa kukoma kwa madzi pomwe zachiwirizo zimapambana pa fungo. Masamba othyoledwa masana amawayanika padzuwa lakumadzulo kuti afote pang'ono, kenako amawalowetsa m'nyumba, n'kuwayala pamalichero ansungwi.

Ntchito yeniyeni imachitika usiku. Masamba amawathira mumgolo wolukidwa ndi nsungwi n'kuuzunguza, kuti m'mbali mwa tsamba lililonse mukhulike pang'ono. Akawatulutsa amawayalanso. Chodabwitsa n'chakuti tsamba lija linali lende limadzukanso, chifukwa madzi a m'kaphesi amayenda kulowa m'tsamba, kenako limafotanso, n'kulibwezera mumgolo. Amatero katatu kapena kanayi, ndipo nthawi iliyonse amazunguza motalikirapo. Wopanga tiyi sagona. Amatenga masamba kudzanja, kuwanunkhiza, kuwayang'ana pakuwala, kuwafinya pang'ono. Poyamba amanunkha udzu wosenga kumene. Pakati pa usiku fungo la udzulo limayamba kuchoka, la maluwa likubwera. Akafulumira, tiyi amakhala wosapsa ndi wowawa. Akachedwa, fungo lathawa. Kale ankadikira mpaka tsamba likhale lobiriwira pakati koma lofiira m'mbali monse, ndipo chimenecho ndicho chinali chizindikiro cha oolong weniweni.

Kukacha amawakazinga pamoto waukulu kuti kuderako kulekeke. Kenako amawakulunga m'nsalu, kuwamanga zolimba ngati mpira wamiyendo, kuwagubuduza, kumasula, kuwatenthetsa, kumanganso, kambirimbiri, mpaka tsamba lililonse litapindika. Akale ankachita zimenezi ndi manja ndi mapazi. Pomaliza pankabwera makala.

Kuwamba pamakala kunali nkhani ya kukoma, inde, koma kunalinso nkhani ya ulendo. Anxi ndi dera lamapiri, malo olima mpunga ndi ochepa, ndipo kuyambira kalekale ana ake ankatsikira kunyanja kukasaka moyo kwina: Taiwan, Singapore, Penang, Java, Siam. Kulikonse kumene ankafika ankafuna tiyi wakwawo. Tiyiyo ankasenzedwa pamapewa kutsika mapiri, kukwezedwa m'ngalawa, n'kukatulukira padoko la Xiamen, limene Azungu ankalitchula kuti Amoy, limodzi mwa madoko asanu amene pangano la Nanjing la mu 1842 linatsegulira amalonda akunja. Kuchoka apo panali masabata apanyanja m'nyengo yotentha ndi yachinyezi, kenako miyezi m'nyumba zosungiramo katundu. Tsamba losawambidwa bwino likanafika litachita nkhungu. Lowambidwa mofatsa, louma mpaka m'kati, linkafika lili bwinobwino, ndipo nthawi zina linkakoma kuposa mmene linanyamukira.

M'mbali mwa nyanja imeneyi ndi mmenenso munachokera liwu loti tiyi. M'chinenero cha kum'mwera kwa Fujian chakumwachi amati te. Amalonda a ku Netherlands analitola kwa anthu amenewa m'zaka za m'ma 1600, Tieguanyin asanatulukire n'komwe, linalowa m'Chingerezi, ndipo kuchoka kumeneko linadzafika pakamwa pathu. Anansi athu olankhula Chiswahili amati chai chifukwa liwu lawo linachokera ku cha, katchulidwe ka madera ena a China, ndipo linayenda njira ina.

Kukoma kwakaleko kunasungika bwino kunja kusiyana ndi kwawo. Ku Singapore, sitolo ya Pek Sin Choon, imene banja lochokera ku Anxi linatsegula mu 1925, imakulungabe tiyi wowamba m'timapepala ndi manja, ndipo amamwedwa m'malo odyera msuzi wa nthiti za nkhumba wotchedwa bak kut teh, kumene ntchito yake ndi kutsuka mafuta m'kamwa. Ku Muzha, m'mphepete mwa mzinda wa Taipei ku Taiwan, Zhang Naimiao anabweretsa mbande za Tieguanyin kuchokera ku Anxi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo mpaka lero Tieguanyin wa ku Muzha amadziwika ndi kuwambidwa kwambiri. Ku China, Chikomyunizimu chitalowa mu 1949, malonda a tiyi anakhala m'manja mwa boma, ndipo kampani ya boma ya ku Xiamen inkatumiza kunja tiyi wowamba m'zitini za dzina loti Sea Dyke. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 makampani a ku Japan, Ito En ndi Suntory, anayamba kugulitsa oolong wophikaphika m'zitini, ndipo Fujian anapeza msika wina waukulu. Tiyi yense ameneyu anali woderapo, ndipo panalibe amene ankaganiza zomuika pozizira.

Zinthu zinatembenuka m'zaka za m'ma 1990. Amalonda a tiyi ochokera ku Taiwan atayamba kutsegula mafakitale ku Fujian, anabwera ndi makina okulungira masamba komanso kakomedwe katsopano: oolong wosaderetsa kwambiri, wobiriwira, wamadzi oyera, wafungo lamphamvu la maluwa. Alimi a ku Anxi, makamaka a m'tauni ya Gande, anagwira msanga. Anaika makina oziziritsa mpweya m'zipinda zoyalira masamba, kuti asamadalirenso mphepo yozizira yakumpoto. Anachepetsa kuzunguza mumgolo. Mbali zofiira zija, zimene agogo awo ankanyadira, anayamba kuzisasa pomenyetsa mtolo wa masamba pansi kuti zisadetse madzi. Makala anawasiya, n'kumangoumitsa masamba pamoto wochepa wamagetsi. Mtundu watsopanowu unatchedwa qingxiang, kutanthauza fungo loyera, ndipo wakale uja unatsala ndi dzina loti nongxiang, fungo lolemera.

Anthu a kumpoto kwa China, amene anazolowera tiyi wobiriwira ndi wa maluwa a jasmine, anamukonda nthawi yomweyo. Simufunika kukhala katswiri kuti mumve fungo la qingxiang. Limakupezani muli pakhomo. M'zaka zochepa Tieguanyin anakhala mphatso ya aliyense wofuna kuthokoza bwana kapena kukometsa malonda, ndipo anthu a ku Anxi anatsegula masitolo m'mizinda yambiri ya dzikolo. Boma la Anxi, limene pakati pa zaka za m'ma 1980 linali pa mndandanda wa maboma osaukitsitsa, linadzalowa m'gulu la maboma 100 olemera kwambiri m'China.

Koma tiyi wotere sakhalitsa. Fungo lake limachokera ku timafuta touluka msanga, ndipo popeza tsambalo silinawambidwe, limapitiriza kusintha mwakachetechete. Likakhala pashelefu nyengo yotentha, m'miyezi yochepa limasanduka lachikasu, fungo la maluwa lija latha, kwatsala kukoma kozizira ngati kwa udzu wouma. Apa ndi pamene panalowera makina opopa mpweya m'timapaketi, ndi firiji m'sitolo iliyonse. Tiyi amene kale ankawoloka nyanja m'bokosi lamatabwa tsopano sankatha kugona miyezi itatu popanda magetsi.

Wogula Tieguanyin lero ayenera kuyamba wafunsa kuti ndi wa mtundu uti, chifukwa chimene chimasunga wina chimawononga mnzake. Adani ndi omwewo, chinyezi, mpweya, kuwala, kutentha ndi fungo lachilendo, koma kalimbanidwe nawo n'kosiyana.

Wobiriwirayo malo ake ndi m'firiji, makamaka mbali youmitsa madzi, ali m'timapaketi take tosatsegula. Ogulitsa ambiri amati akasungidwa chotero amatha chaka kapena kupitirirako pang'ono fungo likadalipo. Pali misampha iwiri imene imagwira ngakhale anthu odziwa. Woyamba ndi fungo. Tiyi wouma amayamwa fungo lililonse lomuyandikira, ndipo firiji yapanyumba, mmene mumagona usipa, anyezi ndi ndiwo zotsala dzulo, ndi malo oopsa kwa paketi yosatseka bwino. Timapaketito tiyenera kulowa m'chitini kapena m'bokosi lotseka zolimba tisanalowe m'firiji. Wachiwiri ndi mame. Botolo la madzi ozizira likaikidwa patebulo limatuluka thukuta, ndipo masamba ozizira akakumana ndi mpweya wofunda amachita chimodzimodzi. Wotsegula paketi atangoichotsa m'firiji wanyowetsa tiyi wake ndi dzanja lake lomwe. Paketiyo iyambe yakhala panja mpaka itasiya kuzizira, ndiye itsegulidwe, ndipo yotsegulidwayo isabwererenso m'firiji; imwedwe m'masiku ochepa. N'chifukwa chake timapaketi tating'ono tija tili ndi nzeru: munthu amatulutsa ta sabata imodzi, totsalato osatisokoneza. Kumene magetsi amazimazima, tiyi wozizira n'kufunda mobwerezabwereza amaonongeka msanga, ndipo kuli bwino kugula wochepa n'kumumaliza kusiyana n'kuunjika.

Wowamba sasowa firiji, ndipo kumuikamo n'kumuputira chinyezi chabe. Amafuna chitini kapena mtsuko wotseka bwino, wosaonekera m'kati, wodzaza kuti mpweya ukhale wochepa, woikidwa pamalo ouma ndi ozizirirapo, osati pansi, osati motsamira khoma lachinyontho, komanso kutali ndi kukhitchini ndi sopo. Mabanja opeza bwino a ku Fujian ndi a mumzinda wa Chaozhou ankakonda zitini zokhala ndi zivundikiro ziwiri, chamkati ndi chakunja. Tiyi wongochoka kumene pamakala samwedwa tsiku lomwelo: amakhala ndi ukali wa moto umene umaumitsa kukhosi, ndipo amamusiya masabata angapo, mwina miyezi, kuti motowo utsike. Akayamwa chinyezi amayamba kubwezera fungo la udzu ndi kuwawasa, chimene eni ake amati kubwerera ku ubiriwiri. Kuyesa kwake n'kosavuta. Kambulu kamodzi akakafinya pakati pa zala, kouma bwino kamaphwanyika n'kukhala ufa, pomwe konyowa kamangophwatalala. Tiyi wotere sanafe ayi, bola asachite nkhungu. Amatha kumuwambanso pamoto wochepa n'kutsitsimuka.

M'midzi ya ku Anxi anthu akale ankasunga dala tiyi wowamba kwa zaka zambiri, osati wogulitsa koma wapanyumba, ndipo ankamuphikira munthu wodandaula m'mimba kapena wodya mopitiriza. Ena ankamusakaniza ndi uchi, ena ankamulonga m'chikhokho cha chipatso chachikulu cha mtundu wa malalanje n'kuchiumitsa chonse pamodzi. Mtsuko wotere unkakhala kuseri, wopanda ulemu uliwonse, nthawi yonse imene msika unkathamangira zobiriwira.

Kuthamangako kunali ndi mtengo wake. Mapiri anagwetsedwa mitengo kuti pakhale minda, zitsamba zinkadulidwa zazifupi ndi kuthiridwa feteleza wambiri, ndipo tiyi wa madera ena ankagulitsidwa ndi dzina la Anxi. Mu 2012 bungwe la Greenpeace linatulutsa lipoti la mankhwala ophera tizilombo opezeka m'tiyi wa makampani angapo a ku China, ndipo Tieguanyin anatchulidwamo. Kumapeto kwa chaka chomwecho boma linakhwimitsa malamulo oletsa akuluakulu ake kulandira mphatso zodula ndi kudyerera ndalama za boma, ndipo msika wa mabokosi okongola unagwa. Omwa tiyi ambiri anali atayamba kale kudandaula kuti wobiriwira kwambiriyo amawakanda m'mimba, ndipo anasamukira ku tiyi wa pu'er wa ku Yunnan, tiyi wa kumatanthwe a Wuyi ndi tiyi woyera wa ku Fuding, onse otha kusungika popanda firiji.

Anxi anakumbuka mtsuko uja. Mu 2016 muyezo wa boma wa Tieguanyin unawonjezera mtundu wachitatu, chenxiang, fungo lakale: tiyi wowambidwa ndi kusungidwa zaka zosachepera zisanu. Madzi ake ndi ofiirira, osalala, okoma ngati zipatso zouma ndi mtengo wakale. Kumene kuli ndalama sikusowa akathyali, ndipo alipo amene amapsereza tiyi wa chaka chino mpaka ade bii n'kumutcha wa zaka 20. Masamba ndi amene amaulula: a tiyi wakaledi amatambasuka m'madzi n'kufewa, pomwe opserezedwa amakhalabe okwinyika ndi olimba ngati makala. Ulemu wochokera kunja unatsatira. Dzina la Anxi Tieguanyin linalowa m'gulu la maina otetezedwa pa mgwirizano wa China ndi European Union umene unayamba kugwira ntchito mu Marichi 2021. Mu Meyi 2022 bungwe la FAO linaika ulimi wa tiyi wa ku Anxi pa mndandanda wa njira zaulimi zofunika kusungidwa padziko lonse, ndipo mu Novembala chaka chomwecho UNESCO inalemba kapangidwe ka tiyi ka makolo a ku China, kuphatikizapo ka Tieguanyin, m'kaundula wa chikhalidwe cha anthu onse.

Firiji sizinachoke m'masitolo, ndipo qingxiang akugulidwabe kwambiri. Koma m'nyumba zina za ku Xiping mbaula zakale zayakanso. Wowamba amasonkha makala a mtengo wa zipatso, monga longan, kuwasiya ayake mpaka utsi ndi malawi zithe, kenako n'kuwakwirira ndi phulusa losefa. Phulusalo ndilo chowongolera moto: akafuna kutentha kwambiri amalipalako pang'ono, akafuna kochepa amawonjezera. Pamwamba amaikapo dengu lansungwi lopyapyala m'chiuno, lokhala ndi sefa pakati pomwe pamagona tiyi. Pofuna kutembenuza masamba amayamba wachotsa dengulo pamoto, chifukwa kachidutswa kamodzi kakagwera pamakala n'kufuka, utsi wake umalowa m'tiyi yense. Kutentha amakuyesa poika dzanja m'mbali mwa dengu. Ntchitoyi imatenga maola ambiri, nthawi zina imabwerezedwa patapita masabata, ndipo akamaliza amathira tiyiyo m'chitini, kumata pakamwa pake, n'kulembapo chaka.